Bedi la Takondwa ndi Mphira ya Panjinga

Mukadzafika kwathu pa Chadiza n'kundipeza ndikuyeza mtedza m'kachipinda kapinki, pafupi ndi katani la maluwa, chonde musadzafunse. Ogula ambiri amafunsa, ndipo ndimawauza kuti mtundu umenewu umathamangitsa anankafumbwe. Limenelo ndi bodza. Zoona zake ndi izi, ndipo ndikuzinena ndekha chifukwa mlamu wanga wayamba kuzifotokoza pamsika mothira mchere wambiri.

Ine ndimadya za kugula ndi kugulitsa. Mtedza, soya, mbuzi, ngakhale njinga yakufa ikapezeka. Chibadwire sindinagulepo chinthu pa mtengo woyamba, ngakhale singano. Nzeru zake n'zosavuta: upeze chilema pa katunduyo, upukuse mutu ngati wamva uthenga wa maliro, kenako utembenuke ngati ukupita. Usanapite patali umamva, "Bwererani bwana, tikambirane." Mawu amenewo kwa ine amakoma kuposa nyimbo ya kwaya.

Tsiku lina mayi a kunyumba anandikhazika pansi. "Atate ake Takondwa, mtsikana wathu uja wakula. Sangamagonenso chipinda chimodzi ndi alongo ake. Kodi mukudikira kuti azakhali ake adzatiuze?"

Sindinatsutse. Nyumba yathu ili ndi chipinda chathu, cha anyamata, china chachikulu chomwe ndinkasungamo matumba a mtedza (chawindo labwino ndi chitseko cholimba chokhala ndi loko, ndinkachitcha sitolo), ndiye kena kakang'ono komwe tinkaponyamo makasu ndi ndowa zobooka. Mwadziwa kale chimene ndinasankhira mwana. Koma ndinalonjeza ndi mtima wonse: penti, katani, ndi bedi lakelake. Takondwa anasankha pinki. Penti ndinapaka ndekha, katani ndinalipeza pa salaula, paja pogulitsa zovala zakale, nditamulizitsa wogulitsa, ndipo kachipinda kaja kanayamba kuoneka ngati ka munthu. Mwana anasangalala mpaka anaitana anzake a m'kalasi kuti Loweruka adzaone. Anandiuza yekha, maso akuwala. "Ndawauza kuti atate anga akundigulira bedi losagonapo wina aliyense pakhomo pano."

Linatsala bedilo. Tepi yoyezera ndinalibe, ndiye ndinamasula mphira ya chubu yomwe ndimamangira katundu panjinga, ija timati malegeni. Ndinaiyala pansi kuchokera kukhoma kufika pachitseko, n'kumanga mfundo pamene chipinda chathera.

"Kodi mphira imayeza chinthu?" anafunsa amake Takondwa.

"Amake Tako, ine ndinayamba kuyeza musanandidziwe." (Akazi akakufunsa funso lalifupi chotere, abale anga, imani kaye.)

Lachisanu m'mawa ndinamva kuti aphunzitsi ena aakazi akusamukira ku Chipata ndipo akugulitsa katundu. Munthu wosamuka ndi nyama yanga. Ndinawapeza makatoni ali mbwee pakhonde, ndipo pakati pa zonse panali bedi lachitsulo loyera, lamaluwa opinda bwino kumutu, lowotcherera lonse popanda bawuti ngakhale imodzi. Ndinalikonda pomwepo, koma nkhope ndinaiuza kuti ikhale chete.

Ndinalizungulira kufuna chilema. Dzimbiri panalibe. Ndinaligwedeza, silinalire. Ndinakhalapo, silinadandaule. Chinthu chopanda chilema n'chovuta kugula, ndiye ndinatulutsa mphira yanga, n'kuikoleka kumutu kwa bedi, n'kuiyala. Mfundo ija inathera panjira, bedi likupitirirabe ngati chikhatho ndi theka. Maso anga anaona zimenezo. Ndikubwereza, anaona. Koma mutu wa wamalonda unaganiza zina: madamu akaona kuti bedi n'lalikulu kuposa muyeso wanga, aumitsa mtengo. Ndiye ndinakoka mphira pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka mfundo inadutsa kumiyendo.

"Aa, madamu, pepani. N'lalifupi. Onani nokha, silikufika pamuyeso. Mwana wanga ndi wamtali, watengera kwa amake."

"Lalifupi bwanji, bambo? Ine ndagonapo zaka zonsezi."

Ndinakokanso, mfundo inadutsa kwambiri. Ndinapukusa mutu. Ndinatembenuka n'kugwira njinga.

"Bwererani bambo, tikambirane."

Tinakambirana. Nthawi iliyonse akalimba, ine ndinkakoka mphira. Pomafika pogwirana chanza n'kuti ine mwini ndikulimvera chisoni bedilo kuti n'lalifupidi, ndikuganiza zoika katebulo pamalo potsalapo. Bodza ndinauza madamu, koma amene analikhulupirira ndinali ine.

Mwamwayi (ndinkayesa mwayi) mlamu wanga a Gelesomu anali atabwera pa boma ndi ngolo kuchokera ku Zingalume kudzatula thonje. Tinakweza bedi, ine n'kukhala pamwamba pake ngati mkwati. Njira yonse ndinkawafotokozera mmene ndawagonjetsera madamu, mpaka kuwaonetsa kakokedwe ka mphira. Iwo anangondiyang'ana, n'kuyang'ana ng'ombe zawo.

"Ndiye kunyumba munakokanso choncho, alamu?"

"Kunyumba ndikokerenji? Ndinkanyenga ndani?"

"Ayi, ndimangofunsa." Anayamba kuimba mluzu.

Bedi linalowa pachitseko titalipendeketsa, mosavuta. Titaligoneka pansi, mutu unagunda khoma, miyendo iwiri inatsala pakhomo, kunja, ngati mlendo wamanyazi. Tinayesa chopingasa, linakanda penti yanga mzere wautali. Tinaliimika, linagunda denga. Ndinakankha ndi phewa, pulasitala inagwa, bedi osasuntha.

"Alamu," anatero a Gelesomu atakhala pa ndowa, "bwanji mukoke chipindachi monga munakokera mphira? Ine ndigwira uku."

Amake Takondwa anatuluka m'khitchini. Anangobwera, n'kuyang'ana miyendo ya bedi, n'kuyang'ana mphira ili m'thumba langa, n'kubwerera kukhitchini.

Ndinapalasa njinga kubwerera kwa madamu. Nyumba inali yokhoma, minibasi inawatenga kalekale. Ndinathamangira kwa wowotcherera zitsulo kuti alidule n'kulilumikizanso. Ndinamupeza akusewera nsolo.

"Magetsi kulibe, mdala. Mwina Lolemba."

"Nanga ndikangolidula ndi sowo?"

"Dulani. Mwana azigona pa zidutswa ziwiri mpaka magetsi abwere."

Pobwerera ndinapeza Takondwa wafika kuchokera kusukulu, ataima pakhomo pa kachipinda kake, chikwama chili kumsana. Akanalira, bwenzi zili bwino. Sanalire. Anagwira chitseko, n'kuchikankha, chinagunda mwendo wa bedi. Anayesanso.

"Sichitseka, atate?"

"Chitseka, mwanawe. Lolemba."

"Anzanga akubwera mawa." Anasiya chitseko. "Ndiwauza kuti ndadwala."

Apo ndiye ndinamva kuwawa, osati kwa phewa lija. Chipinda chonsechi tinkachikonza kuti mwana akhale ndi chitseko chake chotseka, ndipo ine ndi nzeru zanga ndinali nditagula chinthu chokhacho choletsa chitseko kutseka. Ndinagwada kuti tilingane.

"Tamvera, Tako. Tichotse chitseko, tiikepo nsalu yokongola. Ndikugulira ndi galasi lodziyang'anira."

Mwana anapukusa mutu. Anapukusa pang'onopang'ono, ngati wamva uthenga wa maliro. Kenako anakwera pabedi, n'kulowa, n'kuyamba kuzungulira kachipindako manja ali kumbuyo.

"Komanso muno ndi mwamdima, atate. Ndiziwerenga bwanji? Ndipo mukununkhabe makoswe. Onani khoma, penti yakandika."

Ndinayamba kumva ngati nyimboyi ndikuidziwa.

"Basi, musavutike," anatero akutsika. "Ndizigonabe ndi alongo anga." Anatembenuka n'kuyamba kupita, osathamanga, akudziwa bwino lomwe kuti amake aima pakhomo la khitchini ndipo mawu amenewo sangawalole.

Pakamwa panga panatseguka pokha. "Bwerera, mwanawe, tikambirane."

A Gelesomu anagwa pa ndowa ndi kuseka.

Takondwa anabwerera, koma sanayang'ane ine. Anayang'ana chitseko cha sitolo yanga. "Mujamo lingakwane, eti amama?"

"Likwana, malo n'kutsala," anayankha amake mofulumira kwambiri, moti mpaka lero ndimakayika ngati nkhaniyi sanaiphike awiriwa ine ndili kwa wowotcherera.

Ndinalimbana nazo, musaganize kuti ndinangogonja. Ndinati tigawe chipindacho pakati ndi katani, uku matumba, uku mwana.

"Ndiye muzilowa m'chipinda cha mwana wamkazi kukatenga matumba anu?" anafunsa amake. "Munaziona kuti? Bambo salowa mmene mukugona mwana wake wamkazi akakula. Kapena ku Zingalume mwambo unasintha, achimwene?"

"Sunasinthe," anatero a Gelesomu akupukuta misozi. "Ngakhale kuukoka sukokeka."

Ndinanena kuti kwa mwezi umodzi wokha. Takondwa anagwira chikwama kuti azipita. Ndinati chabwino, mpaka atamaliza sukulu. Anaganiza kaye, ngati akundichitira chifundo, n'kutambasula dzanja. Tikugwirana chanza anawonjeza, "Nanga mbasela, atate? Loko uja atsale pachitseko." Mwana wanga weniweni. Ndinkafuna kulira ndi kumuombera m'manja nthawi imodzi.

Loweruka m'mawa tinasamutsa matumba, mlamu akunyamula limodzi ine awiri (ankati msana wawo unathyoka ndi kuseka). Penti yotsala inakwana khoma limodzi lokha, koma Takondwa anati ndi mmene zimakhalira masiku ano. Katani lija linachepa pawindo lalikulu, ndiye amake anapachikapo chitenje chawo chatsopano. Anayala mkeka pansi, mabuku anawaika pa thabwa lomwe ndinkaikapo sikelo, ndipo bedi linaima pakati, loyera, lonyada, malo otsala okwana kuvinapo.

Anzake anabwera masana. Analowa, chitseko chinatsekeka, loko analira. Ine ndinaima panja ndi thumba paphewa, ndikumva zitsulo za bedi zikulira ndi kudumphapo, atsikana akuseka. Kenako ndinamva mawu a Takondwa: "Atate anga ndi amene anasankha. Anati kachipinda kena kaja n'kochepa kwa ine." Ndinatula thumba, n'kukhalapo. Bodza limenelo ndinalikhululukira pomwepo. Ndi la m'banja.

Ndi mmene mtedza wanga unapezekera m'chipinda chapinki. Sitolo ija sindinaionenso mkati mwake, ndimangomva kuti muli zithunzi pakhoma ndi maluwa a pepala. Amake Takondwa anandituma kukagula tepi yoyezera, ndipo ndinagula, pa mtengo wachitatu. Ndi tepi yabwino, yonena zoona. Vuto lake n'lakuti sikokeka, ndiye ndikamapita kokagula katundu ndimaisiya kunyumba.