Bashi Tisa Akukana Kufa

Lolemba
Ophunzira anga a pa yunivesite atopa ndi kukopera za pa bolodi, inenso nkhope zawo zanditopetsa. Phunziro ndi la kapewedwe ka kolera. Lero ndabwera ndi nzeru: nkhani imodzi, ya Amake Tisa, wogulitsa vitumbuwa ku Kanyama nthawi ya mvula. Magulu aifotokoza mosiyana: mawu a pa foni, zithunzi zojambula pamanja, vidiyo, kenako sewero pamsika Loweruka. Akulu a dipatimenti akuti adzabwera kudzaona. Zikakanika, tibwerera ku bolodi. Sizikanika!

Lachiwiri
Gulu la mawu latumiza gawo loyamba. Lokoma! Koma Amake Tisa amupatsa mwamuna, Bashi Tisa, amene ine sindinamulembe. Mutale, mtsogoleri wawo, akuti: "Ba Madamu, nkhani yopanda mwamuna wovuta siimveka." Kolera yatchulidwa kamodzi, mothamanga.

Lachitatu
Gulu la zithunzi lapha Bashi Tisa. Bokosi, nkhata, amayi a mpingo, zonse. Kalasi ili pa mkangano wa chimene chamupha: wamwa madzi a pachitsime, kapena wadya kwa chibwenzi ku Matero? Ophunzira akutsegula okha mabuku kufuna umboni. Mabuku! Ine osakuwa n'komwe!

Lachinayi
Magetsi apita kuyambira m'mawa. A vidiyo sanaone zithunzi zija, ndiye kwa iwo Bashi Tisa ali moyo, ndi kondakitala wa minibasi. Ndikufotokoza kuti munthuyu tinaika dzulo. Palibe akundimva.

Lachisanu
Tikujambula ku Kanyama. Mvula! Zotayika: nsapato yanga yakumanzere, yatsala m'matope, vitumbuwa vonse, adya ochita sewero, foni ya Chikondi, wojambula wathu, yagwera m'ngalande pamodzi ndi vidiyo yonse. Mwanayo akulira, anzake amufunditsa chitenje. Ine ndikubwerera kwathu ku Mtendere ndi patapata wobwereka.

Loweruka
Sewero pamsika. Anthu mbwee! Mutale ndiye Bashi Tisa, wagona pamphasa, akutsirizika bwinobwino. Mayi wina wa tomato akukuwa: "Asafe uyu! Akambe poyamba kwamene anadya!" Maliro adzuka kudziteteza. Msika wagawika pawiri, sewero lathera pomwepo. Koma anthu sakuchoka, akufunsa za zitsime ndi mankhwala othira m'madzi, ndipo ana anga akuyankha osayang'ana papepala. Ndikuyang'ana uku ndi uku: akulu a dipatimenti kulibe. Madzi awabweza panjira. Uthenga wawo: "Msewu wadzala manzi, nabwelela."

Lamulungu
Vidiyo palibe, mboni palibe. Mawa ku bolodi basi, choko ndagula kale. Pochokera ku tchalitchi ndapeza uthenga wa Chikondi, pa foni ya mkulu wake: amayi a pamsika akufuna kudziwa mathero, ndipo magulu onse akumana kale popanda ine. Agwirizana kuti Bashi Tisa achira, akwatira wachiwiri. Ndasiya kulimbana nawo. Ndangopempha kuti paukwatipo alendo asambe m'manja ndi sopo.