Kalavani Yomera Udzu Padenga

Pulani inabadwa Lachinayi masana m'bala ya kwa Aukje, pa tambula yachitatu. Mwini pulaniyo anali Rinus, amene m'tauni mwathu timamutchula kuti Injiniya chifukwa kalekale anakonzapo njinga ya abusa, ndipo inayendadi mpaka pakona.

"Amwene, tcherani khutu," anatero Injiniya akujambula mapu ndi chala m'mowa wotayikira patebulo. "Kalavani ya mdala Douwe. Ku Germany kuli bwana wina wokonda zinthu zachilendo. Ife tingoifikitsa kushedi kwanga, zotsalazo adziwa yekha."

"Ya udzu ija?" anafunsa Mphezi, dalaivala wa gululi. Dzinali analipata chifukwa palibe amene anamuonapo akupitirira thirakitala pamsewu.

"Yomweyo. Kanthu kakang'onong'ono, mawilo awiri. Ngakhale iwe ungakakoke."

"Ndi dilu, bwana," anatero Sipke Eya, amene ntchito yake m'gululi inali kuvomereza.

Mdala Douwe Terpstra anapita ku Norway kamodzi, zaka makumi awiri zapitazo, kukagula chitsulo cha injini ya boti. Thupi linabwerako, mtima unatsala komweko. Munthu wobadwira kuno ku Friesland, kopanda ngakhale chulu, anaona mapiri otsetserekera m'nyanja, basi mutu unazungulira. Anayamba kuvala juzi ya ubweya ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Kenaka anagula kalavani yaing'ono, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, naipaka utoto wofiira, mawindo oyera, ndipo padenga anathirapo dothi n'kubzala udzu monga zimakhalira nyumba za kumeneko. Lamlungu lililonse ankakwera makwerero n'kuumeta ndi sizasi. Chifukwa cha kulemera kwa dothilo, kalavaniyo sinkapitirira makilomita 60 pa ola.

Chaka chilichonse mu June, Douwe ankatsogolera kalabu yathu, makalavani 23, kupita kudoko kukakwera sitima ya ku Norway. Ine ndine mlembi wa kalabuyo, ndimayenda wachinayi pamzere. Chaka chimenecho dokotala anali atamuuza kuti maso ake akutha, chilimwe chikangopita abweze laisensi. Ulendowu unali womaliza. Tonse tinkadziwa, palibe ankautchula, ndipo ine zinkandiwawa mumtima.

Injiniya anali atafufuza, tisamunamizire. Ankadziwa kuti Loweruka timakumana pabwalo la tchalitchi, kuti teni koloko yeniyeni timalowa muholo kukamwa khofi ndi bisiketi imodzi imodzi kwa mphindi khumi ndi zisanu tisananyamuke, komanso kuti nthawi imeneyo Douwe amamasula kalavani n'kupita kukathira petulo chifukwa pothira mafuta pathu n'popanikiza. Chimene sanafufuze ndi lamulo loyamba la kalabu yathu. Douwe sakhulupirira mapu a m'mafoni ndipo njira sauza munthu. Lamulo limati: udzu ukanyamuka, nyamukani.

Itangodutsa teni koloko ndi mphindi zisanu ndi ziwiri, mayi Boukje, mmodzi wa m'kalabu yathu, anaona udzu ukudutsa pawindo la holo.

"Wanyamuka msanga mdalayu! Mphindi eyiti zathunthu!"

Tinakwiya kwambiri. Komabe lamulo ndi lamulo. Tinasiya makapu, ena bisiketi ili kukamwa, n'kuthamangira kumagalimoto. Yotsogolayo inali yotuwa ngati ya Douwe, ndipo kuno theka la magalimoto ndi otuwa.

Zimene zinkachitika kutsogoloko tinadzazimva kukhoti.

"Bwana," anatero Mphezi akuyang'ana pagalasi, "kumbuyoku kuli kalavani."

"Eya, chitsiru iwe, ndi imene tabayi."

"Ayi, ina. Ndi inanso. Bwana, sizikutha."

"Ndi msewu wa boma, aliyense amadutsa. Khotera kumanzere, uone."

Anakhotera kumanzere, m'kanjira ka ng'ombe. Nafe tinakhotera. Anadutsa kuseri kwa fakitale ya tchizi. Nafe tinadutsa, tikuuzana kuti chaka chino Douwe akutsanzikana ndi malo onse. Mwamuna wanga mpaka analengeza misozi.

"Ponda moto, Mphezi!"

"Ndaponda mpaka pansi, bwana. Sikisite basi. Ndikukoka munda."

"Akutitsatiradi," anatero Eya, ndipo aka kanali koyamba kunena zake.

Apa Injiniya anatulutsa nzeru yake yomaliza. "Pa raundabauti apo usatuluke. Zungulira katatu. Asokonezeka, aliyense alowera kwake."

Mphezi analowa. Wachiwiri analowa, wachitatu, ine, ndi ena onse amene anakwana. Raundabauti imeneyo ndi yaing'ono. Mphezi asanamalize kuzungulira koyamba, anapeza kuti kutsogolo kwake kuli kalavani nambala naini, imene inali kumbuyo kwa nambala eyiti, imene inali kutsatira iyeyo. Otsalawo anatseka njira zonse zinayi podikira mpata. Zonse zinangoti zii.

Tinadikira mwaulemu mphindi zisanu. Kenaka mayi Boukje anatsika ndi fulasiki kuti akafunse Douwe ngati ali bwino. Anagogoda pawindo, anaona nkhope zitatu zosadziwika, nafunsa chokhacho chimene chinamufikira m'mutu.

"Kodi inu munalembetsa?"

"Eya," anayankha Eya.

Kuthawa kunali kosatheka. Tinali anthu oposa makumi anayi, ambiri opuma pantchito, opanda kothamangira, ndipo mipando yopinda inali itatuluka kale. Akubawo tinawakhazika pakati, tinawapatsanso khofi.

Douwe anafika ali m'galimoto ya apolisi, yake ataisiya kutchalitchi. Akubawo sanawayang'ane n'komwe. Anakwera makwerero, anasisita udzu ndi chikhatho kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, natsika.

"Pepani bambo," anatero wapolisi wamkazi amene anabwera naye. "Anthuwa akukana, akuti anangoipeza pamsewu. Kalavaniyi tiisunga tiyeze zala. Mudzaitenga Lolemba."

"Sitima ikunyamuka faifi koloko lero," anatero Douwe. Sanakweze mawu. "Chaka chamawa sindidzayendetsanso, mwanangu."

Ine ndinayang'ana pansi, chifukwa ndikanamuyang'ana ndikanalira pamaso pa mbava.

Mphezi anaika kapu yake pansi. "Amayi, lembani. Ndife taba. Ine ndinayendetsa, awa anamangirira, pulani ndi ya abwanawa. Shedi ili kuseri kwa nyumba yawo, mulinso njinga naini. Asiyeni madalawa azipita."

"Mphezi, galu iwe!" anakuwa Injiniya.

"N'zoona, amayi," anatero Eya. "Njinga ndi teni."

Wapolisi uja analemba masamba awiri, najambula kalavaniyo mbali zonse, n'kuuza Douwe kuti akatenge galimoto yake. Pochoka, Douwe anaima pamaso pa Mphezi, namuyang'anitsitsa pafupi kwambiri monga amachitira masiku ano.

"Wayendetsa bwino, mnyamata. Dothi silinasunthe."

Kumasula raundabautiyo kunatitengera ola lathunthu. Njira yopita kudoko komanso kupolisi inali imodzi yokha, yopapatiza, ngalande uku ngalande uku, ndipo apolisi anatuluka pomalizira penipeni. Choncho mbava zitatu zija zinaperekeza Douwe mtunda wa makilomita makumi atatu, zili m'maunyolo, nambala 24 pamzere, pa liwiro la sikisite. Sitima tinaipeza.