Galimoto Ndinaikonza Chofulatira

Amene akuti ndikunama aimirire ndimuone, makamaka iwe Nachisale, amene agogo ako anabwereka mtondo wanga chaka cha dzombe osabweza. Ine galimoto ndinaikonzapo, ndipo ndinaikonza chofulatira.

Mkamwini wanga Yohane, mwamuna wa mwana wanga Esitere, ankayendetsa lole ya mzungu wogula fodya ku Dowa. Tsiku lina anaipatutsa kuti adzaonetse kumudzi, ndiye pokwera chitunda cha kwathu mwala unagunda kunsi kwa injini, chibekete chosefera oyilo n'kung'ambika ngati chikho, oyilo n'kuyenderera mpaka kudambo, achule onse n'kuda bii, kumangoterereka mpaka dzinja linalo. Mukumva? Mzungu akanadziwa, Yohane kunali kundende ku Boma, Esitere n'kutsala yekha ndi pakati.

Vuto linali lakuti mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana. Yohane atandiona anathawira kuseri kwa nkhokwe, n'kumalankhula ndi nkhokweyo: "Uwauze amayi kuti zinthu zavuta."

Ine ndinayankha nkhokwe yomweyo: "Uwauze asatuluke."

Koma nkhokweyo inali pafupi ndi galimotoyo, choncho ndinayenda chambuyo, n'kukhala pansi chofulatira, manja kumsana ngati wobereka mwana, mabawuti ndinamasula ndi zikhadabo, chibekete chija ndinachimata ndi dothi la mbiya n'kuchiotcha ndi mpweya wanga poti ndinali nditadya tsabola, pakamwa pake kuti pasadonthe ndinadulirapo chikopa cha mbuzi imene inali ikudyabe msipu, ndipo m'kati ndinalongamo khuntho langa losefera mowa limene ndinkabisira akulu a mpingo. Oyilo? Nsatsi, ndinafinya ndi chikhatho.

Mukumva? Lole inalira kamodzi, nkhuku zonse za kwathu ku Malomo n'kuikira mazira nthawi imodzi. Kungoti poti ndinaikonza chofulatira, inanyamuka chambuyo, ikudzandira ndi fungo la masese, inakwera phiri la Ntchisi chambuyo, kutsika chambuyo, n'kukafika ku Dowa dzulo lake, mwala uja isanaugunde. Mzungu anamukweza Yohane pantchito chifukwa chofika msanga.

Ukufunsa ngati ndinaziona ndi maso, Nachisale? Ndikanaona bwanji, mkamwini ali m'galimotomo? Ine ndinakhalabe chofulatira mpaka fumbi linatha. Koma khuntho langa silinabwerere, ndipo ana a Yohane akudziwa kuti ndikulidikirabe.