Sabata Imene Ndinagulitsa Dima

Lolemba

Msonkhano kukoleji. Akulu a dipatimenti akuti kafukufuku aliyense azibweretsa ndalama. A zoweta akugulitsa mazira ndi mkaka, ndiye akungomwetulira ngati akwati. Nanga ine ndigulitsenji? Zaka zonsezi ndakhala ndikufufuza za dima m'midzi ya ku Mitundu: munthu afulula mowa, anzake adzamupalirira munda, mawa lake iyenso akapalira kwa wina. Akulu aja akuti, "Mupeze wogula sabata ino, apo ayi ntchito yanu ithera pomwepa." Mtima ukuwira, koma ndikuwomba nawo m'manja. Masiku ano munthu sakwiya pagulu.

Lachiwiri

Amene angagule nzeru za dima:
a mishoni, akana chifukwa muli mowa;
wasitolo pa Mitundu, akufunsa ngati mapepala angawa angakulungire mchere;
a boma, akufuna aone kaye chilolezo chondilola kufunsa anthu mafunso. Ndatuluka chambuyo!
Watsala mmodzi, bwana wa esiteti ya fodya ku Nathenje, mkulu wa m'chipani. Ndikuopa, koma njala ndimayiopa koposa.

Lachitatu

Ku Nathenje pa njinga, thukuta kamukamu. M'fodya wa bwana udzu wafika m'mawondo, aganyu akufuna ndalama. Ndikufotokoza za ubale, za kudalirana, za kubwezerana. Iwo amvapo chimodzi chokha: "Ndiye kuti anthu amalima ulere, bola mowa?" Ndikuti ayi bwana, pamakhala kubweza. Akuti, "Zimenezo n'zakusukulu." Alonjeza kuti zikayenda aimbira foni akulu anga. Zaka zanga zonse zija zalowa m'khutu la munthu akutokosa m'mano.

Lachinayi

Wokamema anthu ndine ndemwe. Ndafikira kwa a Nangondo, mayi wamasiye amene anandiphunzitsa zonse ndikuzitcha zangazi. Munda wawo umapaliridwa ndi dima chaka ndi chaka, ndipo mowa wawo wa Loweruka uli kale m'mitsuko. Akundiyang'ana nthawi yaitali. "Aphunzitsi, bwana woteroyo adzagwira khasu kwathu kuno?" Ndayankha kuti mwambo ndi mwambo. Lilime langali! Poti ndanena ndine, mudzi wonse wavomera.

Lachisanu

Lole yabwera kudzatenga anthu. Masese ogula migolomigolo. Nyimbo, makasu, fumbi, pofika masana esiteti yayera kuti mbee. Bwana akundisisita paphewa, akunditcha pulofesa. Ndakondwa, chitsiru ine, ndakondwadi! Pokwera lole a Nangondo agwada mwaulemu: "Mawa tili kwathu, bwana, mulawire." Bwana akweza galasi la galimoto.

Loweruka

Kumunda kwa a Nangondo anthu aima ndi makasu. Khasu limodzi, la mpini watsopano, asungira bwana. Dzuwa lakwera. Kenaka lole, koma mwadzaza ayufi a chipani. Akufuna makadi a chipani, akufunanso adziwe amene akufalitsa zoti bwana ali ndi ngongole m'mudzi muno. Anthu akuzemba mmodzimmodzi, makasu paphewa. Bambo wina podutsa wandilavulira mawu: "Kuyambira lero wofuna kumupalirira atulutse ndalama. Dima mwagulitsa."

Khasu la bwana lija andipatsa ine. Zimene ndapeza lero:
matuza,
msana,
mizere iwiri yokhotakhota.


Lamulungu

Akulu a dipatimenti ndakumana nawo potuluka m'tchalitchi. Foni ya bwana ija sinalire. Akuti, "Risiti ili kuti?" Ndawauza kuti esiteti yonse yapaliridwa ndi nzeru zanga. Akuti n'zosangalatsa, koma makiyi a ofesi ndikasiye kwa mlonda.

Basi, ntchito yatha. Wogula ndinamupeza, katundu anatenga, wolipira ndi a Nangondo. Mapepala anga onsewa akunena za chinthu chimene chinalipo mpaka Lachisanu, ndipo wochipha ndine. Zikundiwawa kuposa ntchitoyo.

Mowa wa a Nangondo ukusasa m'mitsuko, palibe woumwa. Udzu sukudikira. Ndatumiza mawu kuti mawa ndilawirira kumunda kwawo. Yankho labwera madzulo ano. Akuti ndibwere ndi khasu langa, ndipo ndisafunse funso lililonse.