Kanema wa a Ngozo Akufuna Nkhoswe

Usiku wathawu ndinalota, anzanga, ndipo musayambe kuseka chifukwa nkhaniyi yandiwondetsa. Mukudziwa kuti mwezi watha ndinajambula chinkhoswe cha Esinta, mwana wa alamu anga a Ngozo. Mukudziwanso kuti patangotha sabata a Ngozo anagwa ndi sitiroko, ndipo mpaka lero pakamwa pawo sipatuluka mawu. Mawu awo omaliza, mphindi ziwiri zokha zimene anadalitsa mwana wawo, ali m'kamemore ka kamera yanga. Kamemoreko kakukana kutseguka. Esinta amaimba foni m'mawa uliwonse. Sakalipa ayi. Amangoti, "Ankolo, bwanji lero?" Bola akanamanditukwana.

Ndiye kutuloko ndinapezeka ndili pa depoti ya mabasi pa Ntcheu, dzuwa lili paliwombo. Mwadzidzidzi m'thumba la malaya anga munamveka kutsokomola.

"Bambo Mangulenje, tanditulutsani muno. Masabata atatu ndikugona ndi makoko a mtedza."

Ndinapisa dzanja. Kanali kamemore kaja. Kanthu kakang'ono ngati chikhadabo, koma mawu ake ngati mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito.

"Iwe, tsegukatu," ndinatero.

"Mwandiuzira mpweya. Mwandipukuta pa buluku. Mwandiyanika padzuwa ngati makaka. Dzana munandimenyetsa pa tebulo. Kodi ine ndine rimoti?"

"Nanga vuto lako n'chiyani?"

"Kafunseni amene anandizula kagetsi kofiira kakuphethirabe."

Kamanena zoona. Tsiku lija a Chimbalanga, wapampando wa komiti ya chinkhoswe, analankhula mphindi makumi asanu, kuthokoza komiti, makamaka wapampando wake. A Ngozo atangomaliza mawu awo, ine ndisanachotse n'komwe diso pa kamera, a Chimbalanga anafika. "Mangulenje, tione mmene ndaonekera." Kachitseko tsegu, kamemore zu! Anakopera pa laputopu yawo kanema wa mawu a iwo eni yekha, n'kundibwezera kamemore kali chikomokere.

Ndiye ndikuganiza zimenezo, kamemore kanayamba kufufuma ngati mandazi, mpaka kanasanduka nyumba ya maofesi yokhala ndi khonde lalitali. Ndinalowa. M'khondemo munali zonse zimene ndinajambulapo chaka chino, koma zidutswazidutswa. Miyendo ya amayi a kwaya ikuvina payokha, mitu kulibe. Tambala wa chinkhoswe akuyenda theka, theka lina lili pamutu pa abusa. Anthu a pamaliro a mwezi wa Febuluwale asakanikirana ndi a pachinkhoswe, moti wina akulira uku akuimba nthungululu.

Pawindo loyamba panali kalaliki wa tayi yofiira.

"Ndikufuna kanema wa a Ngozo."

"Nambala yake?"

"Sindikuidziwa."

"Ifenso sitikuidziwa. Kaundula anang'ambika. Anthu onse ali momwemuno, koma amene akukhala khomo liti, ndiye kaya."

Akulankhula choncho tayi ija inasanduka yobiriwira, kenako nkhope yonse, mwadzidzidzi pampando panali bilimankhwe, diso limodzi kwa ine, lina pa wotchi ya pakhoma. Anatambasula dzanja kuti atenge chidindo. Analibweza. Analitambasulanso. Ndinadikira mpaka nsapato zanga zinamera bowa.

"Pitani khomo lachiwiri," anatero, osadinda kanthu.

Ndiye khomo lachiwiri linatseguka lokha. Munali bwana wonenepa, wa suti yonyezimira, wansangala kwabasi, tsache lili m'manja.

"Takulandirani, achimwene! Ine ndine a Fomati. Mavuto anu atha lero. Mungoti inde, ndisesa monse muno, muyambe moyo watsopano."

"Nanga a Ngozo?"

"Ndiwasesa mwaulemu."

Ataseka, makutu anatalika, msana unatsetsereka, suti inachita mawangamawanga. Fisi weniweni, koma tsache osataya.

"Inde kapena ayi?"

Kudenga kunamveka mawu a kamemore: "Bambo Mangulenje, mukangoti inde, ine ndi inu tisadzaonanenso."

"Ayi!" ndinakuwa.

"Mwatsimikiza?" anafunsa fisi.

"Ndati ayi!"

"Mwatsimikiza kuti mwatsimikiza?"

Ndinathawa. Ndiye pothawapo pansi panasanduka matope, matope anasanduka masitepe, mwadzidzidzi ndinali m'chipinda chachete. Pabenchi panali a Ngozo, atavala jekete yawo yotuwa ija, maikolofoni ili m'manja, pakamwa pali yasa, osagwedezeka. Nkhope yawo inali timabokositimabokosi.

"Alamu!" ndinaitana. Zii.

Pambali panali mayi wa magalasi akulemba m'buku. Pamene ankatembenuka anali atasanduka kale nkhanga, magalasi ali pamlomo.

"Musawagwedeze," inatero nkhanga. "Mawu awo onse alipo, palibe limene latayika. Koma kanemayu anazulidwa asanatsekedwe, ndiye sakudziwa poyambira ndi pothera. Pakufunika nkhoswe."

"Nkhoswe? Kanema?"

"Inu munaonapo ukwati woyenda wopanda nkhoswe? Tikufuna kanema wamoyo, wa kamera yomweyo, wa tsiku lomwelo, adzaime apa atiuze kuti kwawo amayenda motere. Tikatengera pamenepo, awa alankhula."

"Mayi, zonse zili zidutswa. Wamoyo ndimutenga kuti?"

"Alipo mmodzi yekha."

Chitseko chinatseguka, n'kulowa nkhukundembo yaikulu, mapiko akukwekwereza pansi, duwa la komiti lili pachifuwa, laputopu ili kukhwapa.

"Ndisanayambe," anatero a Chimbalanga, "ndiyambe ndi kuthokoza."

"Mayi, sitingadumphe pang'ono?" ndinanong'oneza.

"Nkhoswe sitiidula mawu."

Ndiye analankhula, anzanga. Anathokoza komiti. Anafotokoza mmene anapezera tenti. Anakumbutsa anthu kuti mu 1998 anatsala pang'ono kupita ku Japan. Pawindo ndinaona chimanga chikumera, kumasula, kuuma, anthu n'kukolola. Ndevu zanga zinafika pamchombo. Anati "pomaliza" kanayi. Koma chodabwitsa n'chakuti pamene ankabwebweta, zinthu zinayamba kulumikizana. Miyendo ya kwaya inapeza mitu yake. Tambala anatsika pamutu pa abusa n'kukhala wathunthu. A pamaliro anapepesa n'kutuluka. Timabokosi ta pankhope ya a Ngozo tinayamba kusungunuka kamodzikamodzi.

Nkhukundembo itakhala pansi, a Ngozo anaphethira. Anakonza kukhosi. Anayang'ana mu kamera monga anachitira tsiku lija.

"Esinta, mwana wanga..."

Mwadzidzidzi a Chimbalanga anayamba kudziwombera m'manja ndi mapiko. Phwa! Phwa! Phwa!

"Takhalani chete, akulu inu!" ndinakuwa. "Mphindi ziwiri zokha!"

Phwa! Phwa!

Ndinatsegula maso. Kunja kunali kutayera, ndipo phwa-phwa uja anali mayi a kunyumba akumenyetsa zovala pamwala wochapira. Ndinayang'ana pa msomali pamene ndinakoleka malaya dzulo. Panali msomali wokha.

Ndinatuluka opanda nsapato, ndili ndi vesiti yokha. Malaya anali kale m'beseni, thovu lili tho.

"Mayi! M'thumbamo!"

Sanadzutse n'komwe mutu. "Kali m'kabokosi ka machesi pawindopo. Makoko a mtedza ndataya. Esinta waimba kale." Phwa!

Ndiye bawo ya lero sewerani nokha. Ndikupita kwa a Chimbalanga kukapempha kanema wawo, kenako ndikwere minibasi ya ku Balaka, kwa mayi wina wokonza makompyuta. Ndikawauza a Chimbalanga kuti mawu awo ndikuwafuna onse, osadulako ngakhale limodzi, ndiponso kuti popanda iwo palibe chingatheke. Mundipempherere. Akafuna kuti tiyambe taonera limodzi.