Tsiku Lomwe Ndinabereka Mwana wa Eni Ake

Mpaka lero amayi ena a ku Ulongwe akandiona amabisa ana awo kumbuyo kwinaku akuseka. Sindikwiya, ndinaziyamba ndekha.

Inali nthawi ya nkhondo, msewu wa ku Tete uli woopsa, anthu a m'midzi atadzaza m'tauni. Ine ndinali mlembi ku administrasau, ku maofesi a boma, ndipo ndinalemba kabuku kolangiza abambo kuti ntchito isawaiwalitse mabanja awo. Kabukuko kanandipatsa dzina. Kulikonse kuli reuniyau, ndiye kuti msonkhano, ankandiitana kukalankhula. (Kunyumba ndinkangofikira kugona, koma zimenezo m'kabukumo munalibe.)

Loweruka lina tinasonkhana pabwalo la eskola. Abambo anakhala pamabenchi, amayi pansi cha kumthunzi, makanda atawagoneka pamphasa imodzi, onse atavala zipewa zoluka chifukwa cha chisanu. Akazi anga, aNaNgozo, analinso pomwepo ndi mwana wathu Zuze wa miyezi yochepa.

Ndinalankhula bwino, sindinama. Manja atawombedwa, mtima unakula.

"Makamarada," ndinatero, "bambo weniweni amabereka mwana wake kumsana. Taonani!"

Ndinapita pamphasa paja, ndinanyamula kamwana konenepa bwino, n'kubwereka nsalu kwa mayi wina. Kumanga kunandivuta, mfundo inathera m'khwapa, komabe mwanayo anakhazikika. Ndinayamba kuyendayenda monyada.

"Uyu ndi Zuze wanga. Mphuno iyi mukuiona? Ndi ya kwathu ku Fonte Boa."

Amayi anayamba kugwirana mapewa. Ine ndinkati mfundo zikuwalowa. Ndinayang'ana aNaNgozo kuti andiyamikire ndi maso, ndinawapeza atawerama, akuyamwitsa mwana. (Apa munthu wanzeru akanadzifunsa kuti akuyamwayo ndani. Ine ndinapitiriza.)

Kenaka anatulukira mai Fatima, othawa nkhondo omwe ankagulitsa mbatata pamsika. Anali atapita kukamwa madzi. Atayang'ana pamphasa anakuwa.

"Mayo! Mwana wanga ali kuti? Rozina wanga!"

"Khazikani mtima pansi, mayi," ndinatero ine mlangizi, "timufuna tonse."

Anandiyang'ana kumaso, n'kusuzumira kumsana kwanga.

"Akulu inu, mukamufuna kuti poti mwamubereka?"

Bwalo lonse linaphulika. Ashefi anga, akulu a kuntchito kwathu, anaseka mpaka kutsokomola. Rozina naye, ngati kuti wamva, anandinyowetsa malaya kuyambira paphewa mpaka palamba. Mfundo ija inakana kumasuka, moti anachita kundizungulira amayi angapo kuti andimasule ngati mbuzi yokodwa.

Pobwerera kunyumba aNaNgozo sanandikalipire. Bola akanakalipa. Tili pafupi kufika anangoti:

"Bambo a Zuze, Lolemba musapite kuntchito. Mukhale pakhomo mumuyang'anitsitse mwanayu. Mfuti zikadzalira n'kumathawira kumalire ku Kalomwe, ine ndidzasenza katundu, inu mudzanyamula mwana. Sindifuna tikafike ku Dedza ndi wa eni ake."

Sindinaseke. Lolembalo ndinatsala. Ndinamusambitsa Zuze, sopo n'kumulowa m'maso, anandilirira tsiku lonse ngati mlendo. Madzulo ake anagona pachifuwa panga, ndipo ndinaona kuti ali ndi kachipsera kuseri kwa khutu, komwe aliyense pamudzi ankakadziwa kupatula ine.

Ntchito yolangiza sindinaisiye, ndipo oitana anachita kuchuluka. Koma kuyambira pamenepo ndikafuna kuonetsa chitsanzo ndimayamba ndafunsa aNaNgozo chapansipansi kuti, "Wathu ndi uti?" Iwo amandilozera ndi mlomo, ngakhale tsopano ndimakhala ndikudziwa kale.