Lole Yopatukira Apongozi

Lolemba

Ntchito yapezeka! Kapena ndinene kuti yasuzumira pakhomo. Che Saidi, mwini sitolo wa ku Katete uja anabadwira ku Nyasalande, maso ayamba kuwachita ng'ala, ndiye akufuna munthu wowayendetsera lole. Akuti andiyesa sabata ino, iwo atakhala pambali panga. Loweruka ndikakafikitsa katundu ku Sinda bwinobwino, ntchito ndi yanga.

Ndawauza chilungamo. Ku usilikali ndinali dalaivala, koma chibwerereni ku Malaya sindinagwirenso chiwongolero, ndipo mwendo wamanzerewu supindika pabondo kuyambira tsiku limene anatibisalira m'nkhalango, lole n'kugubuduzika ine ndili m'kati. Iwo akuti, "Lole yanganso ili ndi zake zosapindika, achimwene. Mugwirizana."

Zofunika:
— kuchotsa chotsamira cha mpando, kuti mwendo ukwane uli chiwongokere
— lamba womangira phazi ku kilatchi, lisamaterereke
— kusaganiza za nkhalango

Izi si zamasewera. Ndine mkamwini pamudzi pa eni ake, ndipo khasu landikana. Ndikalima mzere umodzi, tsiku lonse chigonere. Kunkhondo ndinabwerako ndi mendulo ndi ndodo, ndipo zonse ziwiri sizilima. Atsibweni a mkazi wanga ananena kale kuti mvula ikamagwa adzaona ngati mudzi ukusunga mwamuna kapena mlendo. Akandichotsa, mkazi wanga Naphiri ndi mwana atsala kuno, ine ndinyamule ndodo yanga. Ndikuopa, ndisabise.

Lachiwiri

Ayi, izi sindinazionepo!

Poyamba zonse bwino. Injini yalira, manja akumbuka okha, lamba wagwira. Talowa msewu wa ku Sinda, umene umadutsa m'mphepete mwa mudzi wathu. Pamene mitengo yakumana pamwamba pa msewu, ndakumbuka nkhalango ija, koma ndadutsa. Ndayamba ngakhale kuimba mluzu, ine!

Kuyandikira kumudzi, patsogolo apo munthu wasenza mtolo wa udzu. Kayendedweko ndikukadziwa. Apongozi! Amayi ake a Naphiri enieni!

Chikwatirireni sindinaonanepo nawo maso ndi maso. Ndikawaona panjira ndimapatukira kutchire, iwonso amapatuka, moni timapatsana chapatali nkhope zili kwina. Thupi linazolowera. Ndiye lero thupi lapatuka losandifunsa, ndi lole yomwe.

Tsoka lake, nawonso apatukira mbali yomweyo. Ataya udzu, ali liwiro m'munda wa thonje wokolola kale, ine pambuyo pawo ndi lole, phazi likufunafuna buleki. Akakhotera uku, ine pofuna kuwalewa ndakhoteranso komweko. Kuthamangitsa apongozi ndi galimoto, dzuwa likuswa mtengo! Chandiimitsa ndi chulu. Iwo alowa m'tchire osacheuka.

Che Saidi sanaone kanthu. Akonza kofia wawo, akuti, "Msewu uno boma la Chitaganya lauiwala ndithu."

Ndangoti inde.

Lachitatu

Ndadzuka ndikudikira mlandu. Kulibe! Naphiri akuti amayi ake sanakwiye, akuti chibadwire sanapatsidwepo ulemu waukulu chotere. Akungopempha kuti tigawane mbali, iwo azipatukira kuphiri, ine kudambo. Ndavomera msanga. Munthu wamkulu angapezeke pamsewu womwewo masiku otsatizana ngati?

Apezeka. Pamalo omwewo, opanda ngakhale mtolo!

Ndapatukira kudambo monga mwa pangano. Zimene zili kudambo nyengo ino:
— mpanda wa dimba la aphunzitsi a mpingo
— dimbalo
— matope ofika m'mawondo

Lole yatitimira mpaka kumimba. Zatitulutsa ndi ng'ombe za ngolo, dzuwa litapendeka, mudzi wonse uli m'mbali kuonerera, mpiru uli lende pa bampala. Aphunzitsi angoyang'ana kumwamba nthawi yaitali. Che Saidi potsika asiya nsapato imodzi m'matope, ndipo safunanso kumva za boma. Ndawafotokozera zonse.

Aima, phazi limodzi lili m'mwamba. Kenako akuti, "Kwathunso apongozi timawaopa. Koma timawaopa tili wapansi." Akuti pamsewu palibe mpongozi, pali munthu woyenda basi, ndiimbe hutala ndidutse. Kuimbira hutala apongozi! Munthu wamkulu, wopemphera, kulankhula zotere anthu akumva!

Lachinayi

Nzeru yatsopano: lole ikhale pamsewu, ipatuke ndi nkhope yokha. Ndikawaona apongozi nditsitse chipewa, ndiyang'ane kumbali, ndidutse pang'onopang'ono. Che Saidi akuti bola.

Ndikufika pamalo paja. Mayo ine! Sali okha. Aitana anthu kudzaona mkamwini amene amawapatukira ndi galimoto yomwe. Ndipo si anthu wamba. Ang'ono awo, akulu awo, wina wachita kuchokera ku Mkaika atamva mbiri. Onsewo kwa ine ndi apongozi! Aima mbali zonse ziwiri, avala nsalu zopitira kutchalitchi, akudikira ulemu wawo. Ndiyang'ane kuti? Kuphiri apongozi, kudambo apongozi. Ndatsinzina.

Kutsinzina ndi lole sizigwirizana. Mwendo wopunduka sunalakwe kanthu, walakwa ndi wabwinowu, m'malo mwa buleki waponda moto. Tadutsa pakati pawo ngati kamvuluvulu, fumbi koboo! Potsegula maso ndikuona pagalasi amayi ofiira kuyambira kumpango mpaka kumapazi, akutsokomola, wina akufunafuna duku lake m'udzu. Palibe wapwetekedwa, Mulungu ngwabwino. Yapita ndi nkhuku ya munthu.

Che Saidi afunsa chimene chalira pansi. Ndati nkhuku. Afunsa ngati nayonso ndi mpongozi. Sindinaseke.

Pamudzi moni wanga akuyankha agalu okha. Naphiri waika chakudya pansi osandiyang'ana. Akuti amayi ake achita manyazi pamaso pa abale awo, amene anayenda mtunda kudzaona ulemu n'kulandira dothi. Nkhani yafika kwa atsibweni, ndipo akubwera Lamulungu lomweli. Osadikiranso mvula!

Ku Malaya ankatiombera, inde, koma madzulo sunkabwerera kukagona pamudzi pa wokuomberayo.

Lachisanu

Lero lole siyenda, Che Saidi ali kumzikiti. Asanapite andiuza mawu ochepa. Mawa lole ikangotuluka mumsewu, ngakhale tayala limodzi, afuna wina. Sakukalipa, ndipo zimenezo ndizo zikundiwawa kwambiri. Akuti ndimayendetsa bwino kuposa onse amene anawayesapo, dziko likanakhala lopanda amayi achikulire.

Ndatsuka lole. Zochokamo: matope, mpiru, nthenga, kamtengo ka mpanda wa aphunzitsi. Kenako ndakhala m'kati ndekha ndikuyeseza kilatchi. Mwendo ukumvera bwinobwino! Miyezi yonseyi ndakhala ndikuopa mwendo, ndikuopa mitengo yokumana pamwamba, osadziwa kuti chodzandigwetsa chimatunga madzi pachitsime chimodzi ndi mkazi wanga.

Ndatuma Naphiri ndi sopo ndi kamchere, akandipepesere, ndipo akapemphe chinthu chimodzi chokha, kuti mawa amayi asapezeke pamsewu. Wapita monyinyirika. Wakhalitsako. Wabwera ndi yankho lakuti sopo alandira, ndipo alonjeza kuti pamsewu sindiwaona.

Mtima wakhala pansi. Naphiri akumwetulira mwachilendo, koma sindikufunsa.

Loweruka



Ndafika kusitolo katundu atapakira kale: mchere, palafini, nsalu, makasu. Ndazungulira lole kuona matayala, ndatsegula chitseko, ndakweza mwendo ndi manja awiri monga ndimachitira. Kutukula maso, apongozi! M'kati! Akhala pakati pa mpando, adzifunda nsalu kumutu, kamtolo pamiyendo. Alawira kudzera njira ya m'minda, apempha Che Saidi kuti awatengeko ku Sinda, ndipo Che Saidi ndi maso awo aja angoona munthu wamkulu, n'kumukhazika kutsogolo. Lonjezo asunga, pamsewu sali.

Pakati pa iwo ndi malo anga sipangalowe ngakhale chikhatho. Giya ili pabondo pawo penipeni. Kuti ndisinthe giya ndiye kuti dzanja langa... ayi, sindilemba.

Ndatsika chambuyo. Ndagwa. Ndadzuka, ndakabisala kuseri kwa tayala.

Che Saidi abwera kudzandifuna, ndawanong'oneza kuti amene awakwezawo ndi omwe aja. Agwira kumutu. Apita kukawapempha mwaulemu kuti akwere kumbuyo, awayalira thumba. Apongozi osasuntha, mutu wokha ukupukusa m'kati mwa nsalu. Che Saidi abwereranso kwa ine.

"Lowani, achimwene. Ndi ulendo umodzi wokha."

"Sindingathe, bwana."

"Nkhondo munaitha."

"Kunalibe apongozi."

Akhala pachiwongolero okha, ndi ng'ala yawoyo. Ine ndakwera pamwamba pa matumba a mchere, ndipo ulendo wonse ndakhala ndikumenya denga ndi ndodo. Kumanja! Kumanzere! Imani! Mawu asasa. Tapulumuka ngolo, mlatho, mbuzi, ndi wanjinga wina amene wadziponya yekha m'ngalande atangotiona. Ku Sinda tafika amoyo, pobwera chimodzimodzi. Chodabwitsa, apongozi ku Sinda sanatsike n'komwe! Sanagule kanthu, sanaone munthu. Ndiye amakatani?

Che Saidi akuti ndikhale wa pamwamba, woona njira ndi kulonda katundu, malipiro a wonyamula matumba. Chiwongolero adzandipatsa tsiku limene ndidzalowe m'kati ndi aliyense amene iwo amukweza.

Lamulungu

Naphiri wandiuza m'mawa akusenda mtedza. Amayi ake anakwera dala. Amafuna kuti ndiwayendetse ine, kuti lero auze mlongo wawo kuti aona ndi maso awo, mkamwini ntchito akuitha. Mayi wosunga mwambo ngati ameneyu kulolera kukhala bondo ndi bondo ndi mkamwini, kudzifunda nsalu kutentha konse kuja, chifukwa cha ine! Ine n'kukabisala kuseri kwa tayala. Ndakhala pansi. Manyazi andigwira, ndi chisoni chomwe.

Atsibweni afika dzuwa lili pamutu. Ine ndili kuseri kwa nkhokwe, ndikumva zonse. Ayamba ndi fumbi, apitirira ndi dimba, nkhuku sanaiiwale. Kenako afunsa ngati munthu ameneyu ali ndi ntchito kapena ayi.

Apongozi akuti, "Dzulo ndapita ku Sinda pa lole ndi kubwerako. Njira yonse wolamula anali iyeyu. Ngakhale mwini lole amamvera iye."

Atsibweni ati ooh. Apempha madzi akumwa, afunsa za mtedza wa chaka chino, nkhani yathera pomwepo. Sindichoka! Ndatsamira nkhokwe, misozi yangotsika yokha.

Alendo atapita, apongozi aima kuseri kwa mpanda wa kwathu, akulankhula ndi mpandawo mokweza kuti ndimve. Akuti amva kuti Loweruka likudzali lole ikukatenga mtedza ku Vubwi. Iwo adzakhala pampando womwe uja, nsalu yomwe ija kumutu, ndipo munthu wina akafuna kulowa alowe, iwo sadzaona kanthu.

Ndayankha mpandawo kuti zikomo, ndamva.

Ku Vubwi! Njira yake zitunda zokhazokha, kusintha giya mpaka kukafika. Mayi ameneyu ndi wabwino kwambiri, ndipo n'chifukwa chake sindingathe. Ndapempha Naphiri andisokere kamtsamiro kokhalira pamatumba.